Chikwangwani cha "Osajambula, Pali Copyright" pa Zolemba za Alembi Otchuka: Chimaima pa Lamulo Liti?

Disolakamera
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Laibulale kapena myuziyamu ikaika mapepala enieni a mlembi wotchuka m'bokosi la galasi, khomo n'kutsegula kuti aliyense alowe adzaone, koma pakhomo pomwepo n'kukhoma chikwangwani choti kujambula n'koletsedwa chifukwa cha copyright (ufulu wa mwini zolemba woletsa ena kuzikopa), chifukwa chimenechi chili ndi miyendo? Chitsanzo chomwe chili m'mutu mwangamu ndi mpukutu wa pepala wa buku la On the Road, umene Jack Kerouac anatayipa m'masabata atatu mu Epulo 1951, wotalika pafupifupi mamita 36. Jim Irsay anaugula pa okushoni ku Christie's mu 2001 pa mtengo wa $2.43 miliyoni, kenako unayendera malaibulale ndi mamyuziyamu ambiri. Pa chinthu ngati chimenechi woletsa ndani kwenikweni: wogula, laibulale, kapena osunga chuma cha malemu?

Nkhokwe
A Disolakamera, onse atatuwo ali ndi mphamvu, koma mphamvu zake n'zosiyana, ndipo mkangano umabuka chifukwa chikwangwani chimazisakaniza. Pali mwini pepala, pali mwini mawu olembedwa papepalapo, ndiye pali mwini khomo limene mwalowera.

Lamulo la copyright la ku America, gawo 202, limanena mosabisa kuti umwini wa chinthu chogwirika ndi wina, umwini wa copyright ndi winanso. Wogula mpukutu wagula pepala, inki ndi selotepi yolumikizira. Mawuwo sanawagule, pokhapokha pakhale chikalata china chosainidwa chowasamutsa, chifukwa gawo 204 limafuna kuti kusamutsa copyright kukhale kolembedwa. Chomwe wogula amapata ndi cha m'gawo 109(c): angathe kuonetsa chinthu chakecho kwa anthu amene afika pamalo pomwe chili, osapempha kwa mwini copyright. Kuonetsa basi. Kusindikiza, kujambula n'kugulitsa zithunzi zowerengeka, kapena kupatsa wina chilolezo chotero, gawoli silimupatsa.

Tsono wogula akanena kuti "copyright yanga ikuletsa", nthawi zambiri akutchula chinthu chimene alibe. Koma akanena kuti "ndabwereketsa pepalali pa pangano loti lisajambulidwe", wanena zoona, ndipo laibulale imene yasaina panganolo iyenera kulitsata.

Disolakamera
Ndiye kuti wojambula sangazengedwe mlandu wa copyright, a Nkhokwe?

Nkhokwe
Ayi, sindinatero. Wogula sangamuzenge pa copyright, koma osunga chuma cha mlembi angathe, ngati nthawi yake isanathe. Chithunzi chimene mawu akuwerengeka ndi kope ya mawuwo. Kamera sisiyana ndi makina a fotokope pa nkhani imeneyi.

Mlozo
Ndionjezepo pa nthawiyo, chifukwa pa mpukutu umenewu pali mawotchi awiri oyenda mosiyana. Buku losindikizidwa linatuluka mu 1957. Ku America mabuku a nthawi imeneyo, ngati copyright yake inakonzedwanso m'chaka cha 28, amatetezedwa zaka 95 kuchokera pomwe anatuluka, ndiye kuti mpaka kumapeto kwa 2052. Koma mpukutuwo si wofanana ndi bukulo. Uli ndi mayina enieni a anthu, monga Neal Cassady ndi Allen Ginsberg, ndiponso ndime zimene zinachotsedwa kapena kusinthidwa. Zimenezi zinali zosasindikizidwa mpaka 2007 pomwe kampani yosindikiza mabuku ya Viking inatulutsa mawu a mumpukutu momwe alili. Zosasindikizidwa zolembedwa 1978 isanafike zimatsata gawo 303: moyo wa mlembi kuphatikiza zaka 70. Kerouac anamwalira mu 1969, ndiye zimathera kumapeto kwa 2039. Zikanasindikizidwa pofika 31 Disembala 2002 zikanatetezedwa mpaka 2047, koma 2007 inali mochedwa.

Choncho pa chithunzi chimodzi mungakhale mizere ina yomasuka mu 2040 ndi ina yodikira 2053. Panopa yonse ndi yotetezedwa. Funso lenileni ku America likhala la fair use, lamulo lolola kugwiritsa ntchito zotetezedwa pa mlingo woyenera osapempha chilolezo.

Kafukufuku
Ndipo pa fair use mpamene anthu ambiri amadzinamiza, mayi Mlozo. Amangoti "sindikugulitsa, ndiye palibe vuto". Gawo 107 lili ndi mfundo 4, ndipo kusagulitsa ndi kachigawo chabe ka mfundo yoyamba. Khoti limaona cholinga cha wojambula, mtundu wa cholembedwacho, kuchuluka kwa zomwe watenga, ndi mmene msika wa mwini mawu wakhudzidwira.

Mfundo yachiwiri ndi imene imaluma pa zolemba za m'bokosi la galasi. Makhoti a ku America amateteza kwambiri zomwe mlembi sanatulutse. Pa mlandu wa Harper & Row ndi magazini ya The Nation mu 1985, Khoti Lalikulu linapeza magaziniyo yolakwa chifukwa cha mawu pafupifupi 300 otengedwa m'buku la Gerald Ford lisanatuluke. Mu 1987 J. D. Salinger anapambana mlandu ndi Random House pa makalata ake, chonsecho makalatawo anali m'malaibulale a mayunivesite momwe ofufuza ankawawerenga. Kuika pepala poti anthu alione si kulisindikiza. Nyumba ya malamulo inafewetsako mu 1992, poonjezera chiganizo choti kusasindikizidwa pakokha sikutsekereza fair use, koma mfundoyo ikadali yolemera.

Tsono taganizani za kuchuluka. Mpukutu uja ndi ndime imodzi yosadukiza, mizere yothithikana, mawu oposa 100,000 pa mamita 36. Mita imodzi yokha ili ndi mawu oposa 2,500. Kamera ya mamegapikiseli 24 imatha kugwira gawo lalikulu la mita imeneyo mowerengeka bwinobwino. Munthu woyenda m'mbali mwa bokosi akujambula motsatizana watenga zochuluka kuposa zomwe The Nation inatenga. Pamene uja waima chapatali, wajambula bokosi, anthu oonerera ndi mpukutu ukuoneka ngati mzere woyera, sanatenge mawu alionse. Zithunzi ziwirizi khoti silingaziike mumtanga umodzi. Pa mlandu wa Sandoval ndi New Line Cinema mu 1998, zithunzi zooneka mwachimbuuzi kumbuyo kwa filimu anaziona kuti n'zochepa kwambiri moti sizifika n'komwe pa mlandu.

Tsambalakale
Ine ndiima ndi malaibulale pang'ono. Mukuyankhula ngati chikwangwani chimalembedwa mwa nkhanza. Woyang'anira chionetsero amalandira pangano la masamba angapo kuchokera kwa wobwereketsa: kuwala kusapitirire malaksi 50 (laksi ndi muyeso wa kuwala), chinyezi chikhale cha m'ma 50 peresenti osadumphadumpha, bokosi likhale lokhoma, inshuwalansi ikhale yokwana, osajambula. Akakana mzere umodzi, chinthucho sichibwera, anthu sachiona n'komwe. Ndipo mlonda wa pakhomo sangaime n'kumayeza mfundo 4 za fair use pa foni iliyonse. Lamulo losavuta kulondera ndi limodzi: kamera m'thumba.

Nkhokwe
Zonsezo n'zomveka, a Tsambalakale, ndipo palibe akutsutsa kuti laibulale ili ndi ufulu woika lamulo la pakhomo pake. Chimene ndikukana ndi kulemba chifukwa chabodza. Alembe kuti "mwini wake wapempha kuti pasajambulidwe". Akalemba copyright pomwe palibe, akuphunzitsa anthu zikwizikwi kuti zinthu zakale zili ndi eni mpaka kalekale. Mwana wasukulu woona mawu amenewo pambali pa buku la zaka 1,000 amapita kwawo akukhulupirira kuti sangakope ndime ya mmenemo. Jason Mazzone analitcha khalidwe limeneli copyfraud m'nkhani yake ya mu 2006. Gawo 506(c) limaika chindapusa chofika $2,500 kwa woika chizindikiro cha copyright chabodza mwachinyengo, kungoti boma lokha ndi limene lingazenge mlandu wotere, munthu wamba sangathe, n'chifukwa chake palibe amaliopa.

Tsambalakale
Pa kalembedwe ka chikwangwani ndikugwirizana nanu. Koma musafulumire kunena kuti chakale chilichonse n'chomasuka. Ku United Kingdom kuli lamulo limene osunga zakale amangolitchula kuti la 2039. Cholembedwa chimene mlembi wake anamwalira 1969 isanafike, ndipo chinali chisanasindikizidwe pofika 1 Ogasiti 1989, chimatetezedwa mpaka 31 Disembala 2039, ngakhale chikhale cha m'zaka za m'ma 1600 kapena kale kuposa apo. Boma linafunsa maganizo a anthu mu 2014 zoti lichotsedwe, koma linasiyidwa momwemo. Ndiye kalata ya zaka 300 imene sinasindikizidwepo ili ndi mwini copyright kwinakwake, kawirikawiri mdzukulu wa mdzukulu amene sakudziwa n'komwe. Chikwangwani cha ku London pa pepala lotere chikhoza kukhala chikunena zoona.

Kumenekonso gawo 93 la lamulo la 1988 limati munthu akasiyira wina zolemba zosasindikizidwa kudzera mu wilo, copyright imapita limodzi ndi mapepalawo, pokhapokha wiloyo itanena zina. Choncho laibulale yolandira mapepala kudzera mu wilo ingakhale mwini wa zonse ziwiri. Yogula pa okushoni, ayi.

Gogo Inki
Ana inu mwaiwala Ireland. Kumeneko ngakhale kuonetsa kwenikweniko kunali pa mkangano. Mu 2004, pokumbukira zaka 100 za tsiku la 16 Juni 1904 limene nkhani ya Ulysses imachitikira, National Library of Ireland inakonza zoonetsa mapepala a James Joyce amene boma linagula. Osunga chuma chake, motsogozedwa ndi mdzukulu wake Stephen Joyce, anachenjeza kuti kutero n'kuphwanya copyright. Nyumba ya malamulo inachita kukhazikitsa msangamsanga lamulo losintha, lonena kuti kuonetsa cholembedwa pamalo pofika anthu si kuphwanya copyright. Joyce anamwalira mu 1941, ndipo zomwe anasindikiza ali moyo zinamasuka ku Ulaya pa 1 Januwale 2012. Zimene a Nkhokwe anena za gawo 109(c) musaziyese za dziko lililonse.

Disolakamera
Zikomo agogo. Nanga ufulu uja wojambula zinthu zoikidwa poyera, umene ojambula zipilala ndi nyumba amadalira, sungathandize?

Mlozo
Sufika kumeneko, achimwene. Ku United Kingdom gawo 62 limakhudza nyumba, ziboliboli ndi ntchito zaluso zamanja zoikidwa mokhazikika. Zolemba mulibemo, ndipo chionetsero cha miyezi itatu si chokhazikika. Ku Germany gawo 59 limakhudza zooneka uli pamsewu kapena pabwalo, osati za m'kati mwa nyumba. Ku America ufuluwo ndi wa nyumba zokha.

Kafukufuku
Tibwerere kwa mwini khomo, chifukwa amene wagwetsa ojambula m'khoti kwenikweni ndi iyeyu. Mlandu woti aliyense audziwe ndi wa myuziyamu ya Reiss-Engelhorn ya ku Mannheim. Munthu anajambula yekha zithunzi zopenta zakale, zomwe copyright yake inatha kalekale, komanso anasikana zina kuchokera m'buku la myuziyamuyo, n'kuziika pa Wikimedia Commons, nkhokwe ya pa intaneti ya zithunzi zomasuka. Pa 20 Disembala 2018 khoti lalikulu la Germany linagamula mokomera myuziyamu pa zonse ziwiri. Pa zojambula yekha, khoti linati pogula tikiti n'kulowa pamalo pomwe pali chizindikiro cha kamera yodulidwa mzere, anavomera pangano, ndipo analiphwanya. Apa copyright sinalowepo n'komwe. Pa zosikana, linati zithunzi za wojambula wa myuziyamu zili ndi chitetezo chakechake pansi pa gawo 72.

Mbali yachiwiriyo inasinthidwa pambuyo pake. Ndime 14 ya lamulo la European Union la 2019 imati kope yokhulupirika ya ntchito yaluso yooneka ndi maso, imene nthawi yake yatha, siitetezedwa, ndipo Germany inaliika m'malamulo ake mu 2021 ngati gawo 68. Koma onani mawuwo: ntchito yaluso yooneka ndi maso. Tsamba lokongoletsedwa ndi zithunzi lilowamo mosavuta. Tsamba la mawu okhaokha otayipa, maloya akhoza kukangana. Ndipo mbali ya tikiti ija sinakhudzidwe, ikadalipo.

Kusiyana kwa pangano ndi copyright n'kofunika pa chifukwa ichi: pangano limamanga amene analivomera yekha. Wachitatu amene wapeza chithunzicho pa intaneti sanagule tikiti, sanaone chikwangwani. Copyright ndiye imatsata chithunzi kulikonse kumene chapita. N'chifukwa chake Wikimedia Commons imalandira zithunzi za zinthu zomasuka ngakhale zitajambulidwa mophwanya lamulo la pakhomo, n'kunena kuti nkhaniyo ili pakati pa wojambula ndi mwini malo, pamene chithunzi cha mawu otetezedwa siichilandira ngakhale mutalumbira kuti ndi fair use.

Nkhokwe
Ku America nkhani ya zithunzi za myuziyamu inayankhidwa kale mu 1999 pa mlandu wa Bridgeman Art Library ndi Corel. Woweruza Lewis Kaplan anati chithunzi chongofuna kufanana ndendende ndi chinthu chafulati chomasuka chilibe copyright, ngakhale wojambula atakhetsa thukuta lochuluka bwanji, chifukwa palibe chatsopano chimene waikapo. Linali khoti laling'ono la ku New York, koma khoti la apilo linatsata ganizo lomwelo mu 2008 pa mlandu wa Meshwerks ndi Toyota. Ku England khoti la apilo mu 2023, pa mlandu wa THJ ndi Sheridan, linatsimikiza kuti muyeso ndi luso la m'mutu mwa mwini ntchito, osati kulimbikira chabe. Izi zinafooketsa kwambiri zomwe National Portrait Gallery inkadalira mu 2009 poopseza munthu amene anaika zithunzi zake zoposa 3,000 pa Wikimedia.

Italy yokha ili ndi njira yake. Ndime 107 ndi 108 za lamulo lake la chuma cha chikhalidwe zimafuna chilolezo ndi malipiro pa malonda alionse ogwiritsa ntchito chithunzi cha chinthu cha boma, kaya mlembi anamwalira zaka 500 zapitazo. Kampani ya masewera ya Ravensburger inagonja nazo ku Venice mu 2022 pa chojambula cha Leonardo da Vinci. Koma kujambula kwa munthu payekha pofuna kuphunzira, popanda flash ndi popanda choimikira kamera, n'kololedwa, ndipo kuyambira 2017 chilolezochi chinafika ku mabuku ndi zikalata za m'malaibulale a boma.

Disolakamera
Za flash zija, kodi n'zoona kuti imawononga pepala, kapena n'chophimbira chabe?

Tsambalakale
Kuwala kumawononga, ndipo kuwonongako kumaunjikana, sikubwerera. Pepala lopyapyala limasanduka lachikasu n'kumathetheka, inki zamitundu zimafwifwa, guluu wa selotepi amauma n'kusiya banga. Osunga amawerenga mlingo wonse: malaksi 50 kwa maola 8 ndi 400 patsiku, ndiye miyezi itatu ndi pafupifupi 36,000. N'chifukwa chake amatembenuza tsamba kapena kusuntha gawo la mpukutu loonekera, kenako chinthucho chimakapuma mumdima. Koma flash ya kamera imawala kwa kanthawi ka pafupifupi 1/1000 ya sekondi. David Saunders wa ku National Gallery ku London anayeza zimenezi mu 1995, ndipo anapeza kuti flash siwononga moposa kuwala wamba kwa mlingo wofanana. Zifukwa zenizeni zoiletsera n'zakuti imathobwa maso a ena m'chipinda chamdima, imachedwetsa mzere, ndiponso ojambula amatsamira bokosi. N'zifukwa zokwanira, palibe chofunira kunamizira sayansi.

Kumene kujambula n'kololedwa, zimitsani flash ndi kanyali kothandiza focus, chifukwa mlonda akaona kanyali kofiira kaja amati ndi flash. Pa malaksi 50 tcherani kamera kuyambira pa ISO 1600, f/2.8, 1/40 ya sekondi, zigongono zili m'nthiti. Chovuta kwambiri ndi chithunzithunzi cha pagalasi: valani zakuda, yandikitsani lenzi popanda kukhudza galasi, chifukwa mabokosi ena ali ndi alamu ya kugwedezeka. Fyuluta ya polarizer imagwira mukaima chopendekera, pafupifupi madigiri 55, koma imadya kuwala kwa sitopu imodzi kapena ziwiri, kutanthauza theka la kuwala kapena kuposa apo, ndiye m'chipinda chamdima mungapeze chithunzi chogwedera m'malo mwa chonyezimira.

Gogo Inki
Chinanso, kumasuka kuno si kumasuka uko. Mabuku a Anne Frank olembedwa pamanja amaonetsedwa ku Amsterdam, copyright ili ndi Anne Frank Fonds ya ku Basel. Iye anamwalira mu 1945, ndiye ena ku France anaika mawu a Chidatchi pa intaneti pa 1 Januwale 2016 ponena kuti zaka 70 zakwana. Chaka chomwecho Wikimedia inawachotsa pa webusaiti yake ya zolemba ya Wikisource, chifukwa makompyuta ake ali pansi pa lamulo la America, kumene buku la 1947 limatetezedwa zaka 95. Musanaike chithunzi, funsani lamulo la komwe munajambula, la komwe mukukhala, ndi la komwe kampani yosunga chithunzicho ili.

Mlozo
Kwa amene chithunzi chake chachotsedwa pa webusaiti ya ku America, ndondomeko ili m'gawo 512. Wodandaula amatumiza chidziwitso, kampani imachotsa msanga kuti isalowe m'mlandu, kenako imakudziwitsani. Choyamba onani kuti wodandaulayo ndani. Ngati ndi mwini pepala kapena mwini malo amene alibe copyright, njira imeneyi si yake, chifukwa ndi ya copyright yokha, si ya kuphwanya lamulo la pakhomo. Mungatumize chidziwitso chotsutsa, koma chimafuna dzina lanu lenileni, adiresi, nambala ya foni, lumbiro loti mukukhulupirira kuti achotsa molakwa, ndi kuvomera kuti khoti la boma la America lingakuweruzeni. Zonsezo zimaperekedwa kwa wodandaulayo. Akapanda kukasuma, kampani imabwezeretsa pakati pa masiku 10 ndi 14 ogwira ntchito.

Apa mpofunika kudekha. Ngati wodandaula ndi mwini copyright weniweni ndipo inalembetsedwa nthawi yake, chipukutamisozi chokhazikika ndi $750 mpaka $30,000 pa ntchito imodzi, ndipo chimafika $150,000 khoti likaona kuti munachita dala. Chithunzi cha chipinda chonse n'choyenera kuchimenyera. Zithunzi 40 zowerengeka mzere ndi mzere, kaonaneni ndi loya musanasaine kalikonse.

Disolakamera
Ndiye wofuna kuchita mwadongosolo, tinene wolemba nkhani kapena wophunzira, ayambire pati?

Nkhokwe
Alembere ofesi ya zofalitsa nkhani kapena ya zilolezo ya malowo kudakali masabata angapo, asadikire kukakangana ndi mlonda, amene alibe mphamvu yosintha kanthu. M'kalatamo atchule tsiku, chimene akufuna kujambula, kaya ndi chipinda chonse kapena mizere yowerengeka, komwe chithunzicho chikatuluke, ndiponso kuti sadzagwiritsa ntchito flash kapena choimikira. Afunse mafunso awiri mwachindunji: chinthuchi n'chanu kapena n'chobwereka, ndipo copyright ya mawu ili ndi ndani. Chikakhala chobwereka, laibulale iyenera kufunsa mwini wake, ndipo pamenepo mpomwe pamachedwa. Nthawi zambiri amakhala ndi zithunzi zokonzeratu za atolankhani zomwe wobwereketsa anavomereza kale, ndipo amapereka tsiku lomwelo.

Chilolezo cha mawu apemphe padera kwa osunga chuma cha mlembi kapena kampani yosindikiza. Pofufuza amene akuyang'anira copyright ya mlembi wa Chingerezi, nkhokwe ya WATCH, yoyendetsedwa ndi Harry Ransom Center ku Texas pamodzi ndi University of Reading, ndi poyambira pabwino. Ndipo awerenge bwino fomu imene laibulale ingamupatse kuti asaine. Mafomu ambiri ali ndi mzere woti wojambula ndi amene adzalipire zonse ngati mwini copyright atasumira laibulaleyo, komanso wina woletsa kupatsa munthu wachitatu chithunzicho. Mzere wachiwiriwu umatanthauza kuti ngakhale pepalalo likhale la zaka 800, wosainayo sangaliike pa Wikimedia Commons popanda kuphwanya zomwe wasaina, ndiye ngati cholinga chake n'chimenecho apemphe kuti mzerewo uchotsedwe asanaike dzina.